Tsiku Limene Tinaimba Zitoliro Zouma

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalowa m'bandi ya pasukulu yathu, kasukulu kaudzu ka Akatolika m'mudzi wina kumunsi kwa Nguludi. Inali nthawi ija amalume athu ankapita kunkhondo ya azungu. Ndikati bandi musaganize za malipenga onyezimira ayi. Tinali ndi ng'oma ziwiri ndi zitoliro zansungwi zimene aphunzitsi athu, a Makwinja, ankaboola okha ndi msomali wowotcha pamoto. Mpaka lero ndikamva fungo la nsungwi yopserera ndimawaona ali pakhonde, diso limodzi atatsinzina, akuyesa chitoliro chatsopano.

Bandiyo inali ndi lamulo lake. Tisanaimbe, zitoliro zonse zinkayamba zanyikidwa mumtsuko wa madzi. Nsungwi ikamwa madzi, timing'alu take timatsekeka ndipo mawu amatuluka osalala. Youma imalira mosasa ngati tambala wachimfine. Tinkazivuula zikudontha n'kuziika pamlomo pomwepo, madzi akutsikira kuchibwano. Wopezeka akuliza chouma ankalawa kabango ka a Makwinja, kamene ine ndinkakadziwa bwino kuposa katekisimu.

Katswiri wathu anali Amidu, mwana yekhayo wa Chisilamu pasukulupo. Bambo ake, Che Bwanali, anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo anamulola kuyamba sukulu a Makwinja atachita kutha phazi kupita kwawo. Bambowo ankaopa kuti mwana wawo tidzamubatiza. Anachita kunena poyera kuti tsiku limene Amidu adzaphwanye za chipembedzo chake chifukwa cha sukulu, sukuluyo idzathera pomwepo. Tonse tinkadziwa zimenezi, ndipo Amidu ankaikonda sukulu kuposa ife amene tinkachita kupirikitsidwa ndi amayi athu m'mawa.

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa mabandi a masukulu akumidzi pabwalo la ku mishoni, ndipo opambana ankatenga mbendera. Ine mbenderayo ndinkailota. Koma dzulo lake la mpikisano unayamba mwezi wa Ramazani, pamene Asilamu amafunga, osadya ndiponso osamwa kanthu mpaka dzuwa kulowa. Tsiku limenelo sitinayeserere, choncho palibe anaganizapo kanthu. Amidu chinali chaka chake choyamba kufunga pamodzi ndi akuluakulu.

Tsiku la mpikisano tinafika ku mishoni dzuwa likuswa mtengo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Tinatula mtsuko wathu pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Makwinja anamasula mtolo wa zitoliro kuti azinyike. Amidu anatenga chake n'kuchibisa kumbuyo.

“Iwe Amidu, bweretsa kuno,” anatero a Makwinja.

“Aphunzitsi, ndafunga. Madziwo akandilowa m'kamwa basi ndamasula. Ababa ali apo.”

Tinacheuka tonse. Che Bwanali anali chiimire kumapeto kwa bwalo, atavala kofia yoyera, manja atapinda pachifuwa, maso ali pa ife.

Ine pakamwa sipankandichedwa. “Aphunzitsi, angokhala pansi ameneyu, ifeyo tikwana.”

A Makwinja anandiyang'ana mpaka ndinamva kuyabwa pamene kabango kankakonda kutera. “Mwana wayeserera chaka chonse, akhale pansi bambo ake akuona? Ndiye mawa adzabwera kudzatani?”

Kumupatsa chouma yekha sikukanathandizanso, chifukwa pakati pa zonyowa chikanamveka chokha, anthu n'kumamuloza. A Makwinja anaika mtolo wa zitoliro pansi. Kenako ananyamula mtsuko uja n'kukhuthulira madzi onse patsinde pa mango. Nthaka inamwa madziwo ife tikuona.

“Lero tonse tiimba zouma,” anatero. “Imani pamzere.”

Zimene zinatuluka m'zitolirozo sindidzaiwala. Nyimbo imene tinaikonza miyezi yambiri inkamveka ngati chitseko chofuna mafuta. Changa chinkangotulutsa mpweya. Amayi ena anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ana a sukulu zina ankatitsanzira ndi milomo. A Makwinja anayenda patsogolo pathu chifuwa chili patsogolo, akugwedeza ndodo yawo ngati akutsogolera asilikali a mfumu. Amidu anali pambali panga, milomo itachita kuuma gwa, koma sanaphonye ngakhale pamodzi.

Mbendera inapita kwa ena. Ife tinakhala omaliza. Pobwerera ndinalira njira yonse, kulira kwa mkwiyo, ndipo chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti a Makwinja ankayenda akuimba mluzu. Che Bwanali sanatiyandikire n'komwe. Anangoyang'ana mtsuko wopanda madzi uja pamutu pa mnzathu wina, n'kutembenuka kumapita. Sitinadziwe ngati Amidu tidzamuonanso m'kalasi.

Lolemba belu litalira, malo ake anali opanda munthu. A Makwinja ankaphunzitsa samu koma maso ankathawirathawira kukhomo, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulakwitsa pabolodi. Tili mkati mwa phunzirolo, Amidu anatulukira, atachedwa, kudzanja atagwira mng'ono wake Yusufu amene anavala kabudula watsopano womufika m'mawondo.

“Ababa akuti uyunso ayambe,” anatero Amidu.

A Makwinja anaika choko pansi. Anamufunsa mwanayo dzina, anamuonetsa pokhala, ndipo anakhosomola kangapo asanapitirize samu ija. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde akuwotcha msomali, pamwendo pali kansungwi kakafupi koyenera zala za mwana.

Ine ndi Amidu tinakalambira limodzi. Tikakumana ku Limbe ankandinyogodola kuti, “Angokhala pansi ameneyu,” ndipo tinkaseka mpaka misozi. Anatisiya zaka zapitazo, ndipo ndimamusowa kwambiri.

Ndili mwana ndinkaona ngati a Makwinja anatitayitsa mbendera chifukwa cha munthu mmodzi. Panopa ndimamvetsa kuti iwo ankadziwa bwino chimene anabwerera pabwalo paja. Munthu amene ankatikwapula chifukwa cha chitoliro chouma anavomera kusekedwa ndi mishoni yonse kuti mwana wa eni asasiye sukulu, ndiponso asasiye za kwawo. Mbendera ija ndayesa kuikumbukira, koma ngakhale mtundu wake ndinauiwala. Chimene ndimamvabe ndi madzi aja akukhuthukira patsinde pa mango.