Lumo la a Manase pa Mlomo wa Gordon

A Manase anayamba kumeta anthu ali mnyamata kwawo ku Lupembe, ndi lezala lomangirira ku kamtengo. Atakula anasamukira pa boma la Karonga, nakhazika mpando wawo pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi msika. Zida zawo zinali zochepa: sizasi, chipeso, makina ometera a m'manja, lumo lopinda limene anagula kwa wamalonda wa ku Kyela, ndi galasi long'aluka pakona. Pamwamba pa galasilo anapachikapo chithunzi cha Mtsogoleri. M'mawa uliwonse ankayamba kupukuta chithunzicho, galasi pambuyo, kuti odutsa aone.

Ntchito sinkasowa, pakuti masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kugwidwa pamsewu. Vuto linali lakuti mutu wa munthu ukalowa m'manja mwa wometa, lilime limamasuka. Wina akayamba kudandaula za makhadi a chipani, a Manase sankayankha. Ankangomuweramitsa mutu, chibwano n'kugunda pachifuwa, iwo n'kumameta kumbuyo mpaka nkhaniyo itazizira yokha.

Chiyembekezo chawo chonse chinali pa Gordon, mwana wa mlongo wawo Eliness, amene a Manase anamulera bambo ake atamwalira. Gordon ndiye anali woyamba pamtundu wawo kupita ku yunivesite, kutali kummwera, ndipo anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize.

Pa benchi ya odikira pankakonda kukhala Patson, kalaliki wochokera ku Dowa. Ankabwera pafupipafupi moti tsitsi lake silinkapeza mpata womera, ndipo ankalola ena onse kumupitirira pamzere. Ankati Chinkhonde sachimva. Koma tsiku lina msodzi wa ku Ngara ataponya nthabwala m'Chinkhonde, a Manase anaona pagalasi mlomo wa Patson ukulimbana ndi phwete. Pasanathe mwezi, mphunzitsi wina amene ankakonda kulankhula pa benchi yomweyo anatengedwa ndi galimoto, osabwereranso. A Manase analibe umboni woti Patson ndiye anamuneneza, komabe kuyambira pamenepo anapendeketsa galasi kuti lizionetsa benchi.

Gordon anabwera kutchuthi dzuwa la Okutobala likuotcha, atasunga ndevu zapamlomo zimene ankazisisita ngati mwana wa mbuzi. Anakhala pampando nauza a Manase, asibweni ake, kuti amete tsitsi lokha, ndevu asazikhudze, chifukwa kunali mtsikana wina dzina lake Violet amene ankazikonda. Anthu a pa benchi anaseka. Patson anaseka nawo, kenaka anasendera pafupi.

"Achimwene, tamva kuti kusukulu kwanuko mumatsutsana kwambiri. Nkhani yake ndi yotani masiku ano?"

Gordon sanachedwe. Anafotokoza za dongosolo latsopano losankha ana opita ku yunivesite potengera boma limene mwana akuchokera. Anati ophunzira anadzaza holo kukambirana, ena akuti dongosololo lithandiza maboma otsalira, ena akuti lilanga mwana wokhoza bwino. Anati mnzake wina analemba maganizo ake m'kanyuzi ka ophunzira, ndipo tsopano ali kwawo akulima.

A Manase anamuweramitsa mutu. Gordon anapitiriza chibwano chili pachifuwa. Kusukulu kuja anazolowera kulankhula anthu akumusokoneza. A Manase anafuna kumuchenjeza m'Chinkhonde, koma anakumbukira mlomo wa Patson uja. Pagalasi, Patson anali atasiya kudzipepesa ndi chipewa chake.

"Nanga inuyo, achimwene, munati chiyani m'holomo?"

Gordon anadzutsa mutu, nakoka mpweya. Nthawi yomweyo a Manase anatapa thovu la sopo m'kachitini n'kumumata pakamwa ponse, natambasula lumo lija n'kuliika pansi pa mphuno yake.

"Ukagwedeza mlomo ndikucheka, Gordon. Dzanja langa lakalamba."

Maso a Gordon anatuzuka pamwamba pa thovu, koma mlomo sanaugwedeze. A Manase anameta pang'onopang'ono ngati akusenda dzira. Ankameta pang'ono, n'kunola lumo pa lamba, n'kuonjezera thovu pamene panali patayera kale. Ndevu zitatha anayambanso chibwano chimene chinalibe kanthu. Anthu a pa benchi anayamba nkhani ya mpunga wa chaka chimenecho ndi mbalame zimene zinaulowerera.

Potsiriza Patson anaimirira, navala chipewa. Podutsa anaima pambali pa a Manase, nalankhula motsitsa mawu.

"Mwameta bwino, bambo. Zimene khutu langa silinamve, palibe angandifunse."

Anachoka osametedwa.

Madzulo ake kunyumba Gordon sanakhudze nthochi zophika ndi nyama zimene mayi ake anamukonzera. Anafunsa asibweni ake kuti yunivesite n'chiyani ngati munthu sangafunse funso. Anatchula ana a ku Lupembe amene anakhoza bwino koma atsala pakhomo, nafunsa kuti adzawalankhulira ndani ngati aliyense wophunzira amatidwa sopo pakamwa. A Manase anadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Anangoti ndevu zimamera, koma mphunzitsi uja sanabwerere. Gordon ananyamuka tchuthi chisanathe, osadzera pansi pa mango kudzatsanzika.

Miyezi yotsatira a Manase ankatsatira ndi maso galimoto iliyonse yoima pa msika. Palibe imene inabwera chifukwa cha iwo. Chaka chitatha kunafika chithunzi: Gordon atavala mkanjo wakuda wa omaliza maphunziro, ndevu zitameranso, zokulirapo kuposa kale. A Manase anachipachika m'chipinda chawo, kuseri kwa chitseko, osati pa mtengo paja.

Patson anapitiriza kubwera. A Manase sanadziwe ngati mawu ake aja anali chifundo kapena msampha wina, ndipo sanamufunse. Ankamukhazika pampando, n'kumukulunga nsalu m'khosi, n'kumadula ndi sizasi tsitsi limene silinamere. Patson akafunsa za Gordon, iwo ankamuweramitsa mutu.