Tsiku Limene Mwandida Anameza "Sorry"

Maso a Mwandida anazima mu 2014, ali kunja, mumzinda wa Bradford. Shuga ndiye anawadya pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anathira tiyi wotentha pamiyendo ya nkhalamba ina kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito. Ntchito inathera pomwepo. Mayi wa zaka makumi anayi, wopanda mwamuna, wopanda mwana, anatsala m'kachipinda akumvetsera mabasi akudutsa. Zinali zomvetsa chisoni, abale.

Patapita zaka ziwiri, bungwe lothandiza anthu osaona linamupatsa galu wophunzitsidwa kutsogolera munthu, dzina lake Harry. Kwawo ku Balaka galu ankamudziwa ndi mwala basi, ndiye poyamba ankanyansidwa ngakhale kumugwira. Koma Harry ankamuimitsa pamphepete pa msewu, kumulambalalitsa mabini a zinyalala, kumufikitsa pakhomo penipeni pa sitolo. Mwandida anayambanso kuyenda.

Vuto linali anthu. Wasitolo wina anamubweza pakhomo. Kumapemphero a Amalawi anzake, mayi wina anamunong'oneza kuti, "Achemwali, galu m'nyumba ya Mulungu? Chizungu chimenechi chanyanya." Amatakisi ndiye osanena: akangoona Harry, galimoto ija vuu!

Onsewo Mwandida ankawayankha mofanana: "Sorry, sorry." Musamuseke. Ife timapepesa ngakhale mnzathu akapunthwa yekha. Komanso munthu amene anadikira zaka zisanu kuti apatsidwe mapepala okhalira m'dziko la eni amaopa kuutsa mapiri pachigwa. Mwandida anasiya kutuluka. Harry ananenepa, nayamba kuiwala ntchito.

Tsiku lina kunabwera Annette, mayi wa kubungwe amene anaphunzitsa galuyo. Sanazungulire.

"Galuyu akapitiriza kugona, timutenga. Pali ena akudikira. Ndikupatsani mwezi umodzi."

"Sorry," anatero Mwandida.

"Mwalakwa chiyani? Kuno mukatero, watakisi amamva kuti mwavomera kulakwa. Harry si chiweto wamba, ndi maso anu. Lamulo likuti takisi ikunyamuleni nonse, popanda kukweza mtengo. Wokana wapalamula mlandu, pokhapokha akhale ndi chikalata chomulola kutero chifukwa cha matenda. Ndipo kudandaula sikukhudza mapepala anu."

Mwandida anamva, koma mantha samva lamulo. Milungu itatu inatha ali m'nyumba. Ankagwira mutu wa Harry n'kumalira, poti anadziwa kuti galuyo akapita, iye sadzatsikanso masitepe aja yekha.

Mlungu wachinayi anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa shuga. Anaimbira foni kampani ya matakisi, n'kukaima panja mvula ikuwaza. Galimoto inafika, zenera linatsika.

"Galu ayi," anatero dalaivala.

Mawu aja oti "sorry" anafika palilime penipeni. Mwandida analuma mlomo, nawameza.

"Bambo, muli nacho chikalata chokulolani kukana galu wotsogolera?"

"Galimoto ndi yanga iyi."

"Ndiye tikakumana kukhonsolo."

Mukuganiza kuti anatsegula chitseko? Ayi ndithu. Anaiponda galimoto, n'kumuthira Mwandida madzi a m'msewu. Kwa dokotala kunalephereka. Mwandida anaima pamvulapo, misozi ili chuchuchu, kiyi wa pakhomo ali kale m'manja. Kenako anamubwezera m'thumba.

"Tiye, Harry. Kubasi."

Anasochera kawiri, koma anakafika ku ofesi ya khonsolo yopereka malaisensi a matakisi. Anatchula dzina la kampani ndi nthawi imene anaimba foni. Mawa lake anapita kusitolo inamubweza ija, n'kuuza mwini wake kuti akambirane za lamulo. Mkuja wake anapitanso, mpaka mwini sitoloyo anangoti lowani.

Mwezi utatha Annette anabwera kudzawayesa. Anawatsatira pambuyo osalankhula, kuchokera kunyumba mpaka pakati pa tauni. Pamphambano ina Harry anazengereza. Mwandida anamulankhula mwamphamvu, galuyo anawoloka.

Atafika, Annette anatseka kabuku kake.

"Harry sapita kulikonse," anatero.

Nkhani ya dalaivala uja inatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo khoti linamulipiritsa chindapusa. Maso a Mwandida sanabwerere. Kumapemphero amakhalabe pafupi ndi chitseko, ndipo ena mpaka lero samupatsa moni wa dzanja. Koma amafikako yekha, ndipo amabwerako yekha, Harry ali patsogolo.

Inu amene mwadzitsekera m'nyumba chifukwa anakubwezani kamodzi, kawiri, katatu: funsani zimene lamulo likunena, poti kufunsa ndi kudziwa njira. Adzakubwezaninso, zimenezo ndisakunamizeni. Koma mtima usagwe. Tulukani mawa.