Ndinakaniza kudula mchombo wa mwana wanga

Inu owerenga, nkhani iyi yakhala itandikhala pakhosi kwa chaka chathunthu. Mwana wanga wamkazi anamwalira ali ndi masiku asanu ndi limodzi okha. Anthu kwathu kuno amanena zosiyanasiyana, ena amati anabadwa wofooka, ena amaloza chala anthu osalakwa. Zoona zake n'zakuti mwanayo anabadwa wamphamvu, analira mpaka anthu amene anali kuchitsime anamva. Chimene chinamutengera kumanda ndinasankha ndine mayi wake. Ndinakana kuti amudule mchombo, ndipo ndinamusiya wolumikizika ku nsengwa yake kwa masiku anayi.

Kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi ku Nsadzo. Pabanja pathu ndine ndekha amene ndinapita patali ndi sukulu. Ndinachita kuruso ya ulimi ndi ziweto ku Tete, ndipo ndinabwerako ndi sertifikadu imene amayi anga anaikulunga m'pulasitiki n'kuipachika pakhoma. Ntchito sindinaipeze, koma dzina ndinalipeza. M'mudzi monse ankanditcha kuti "a dotora", kutanthauza dokotala, ena monyadira, ena mongondiseka. Mbuzi ikatupa mimba kapena nkhuku zikayamba kuodzera, anthu ankabwera kwa ine. Ngakhale amayi anga anasiya kunditsutsa. Ndikanena kanthu ankangoti, "Wawerenga ndiwe, ife tidziwa chiyani."

Mimba yanga yoyamba inapita padera ili ndi miyezi inayi. Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wamantha. Nditaimanso, chilichonse chinkandiopsa. Mwana akapanda kugunda kwa kanthawi, mtima unkandithamanga. Kwathu foni imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba, choncho masana aliwonse ndinkakhala pamenepo n'kumafufuza za mimba, kuwerenga ichi, kuwerenga icho, mpaka batire kutha.

Kumeneko n'kumene ndinalowa m'gulu lina la azimayi olemberana m'Chipwitikizi, ambiri a iwo a kunja kwa dziko lino. Iwo ankaphunzitsana kuti kudula mchombo n'kumuchitira mwana nkhanza. Ankati nsengwa ndi mnzake wa mwana amene wakhala naye miyezi isanu ndi inayi, ndiye azisiyana okha mchombo ukauma n'kugwa. Ankati mwana wotero amalandira mphamvu zake zonse, sadwaladwala, ndipo amakhala wofatsa. Ankatumiza zithunzi za ana onenepa atagona pansalu zoyera, pambali pawo kathumba kokongola muli nsengwa yothiridwa mchere ndi maluwa. Ine ndi mantha anga ndinaona ngati ndapeza njira yoti mwana uyu yekha asandichoke.

Ku sikelo ndinkapita, koma nkhaniyi sindinawafunse anamwino, chifukwa ndinkadziwa kuti andiletsa. Anandilembera pa fisha yanga, khadi lija la kusikelo, kuti mwezi womaliza ndikadikirire pafupi ndi chipatala popeza kwathu n'kutali. Ndinadziwa kuti ndikachilira kumeneko adula. Ndiye ndinanama. Ndinauza amayi komanso amuna anga kuti kwatsala mwezi wathunthu, pamene anali atangotsala masiku. Amuna anga amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, ku Cassacatiza, kunyumba amabwera mwa apo ndi apo, ndipo fisha ija sanaiwerengepo. Amayi sadziwa kuwerenga.

Matenda anandiyamba m'mawa wina mwezi wa Otubulu, nthawi ija dzuwa limawotcha mpaka nthaka kumatentha kumapazi. Zinthu zinafulumira. Amayi anathamangira kwa a Naphiri, msuweni wawo wachikulire amene ankachiritsa azimayi kale, tisanayambe kuuzidwa kuti tonse tizipita kuchipatala. Dzuwa lisanafike pamutu mwana anali atabadwa, nsengwa nayo inatuluka bwinobwino.

A Naphiri anatulutsa lumo latsopano m'pepala lake, ulusi ali nawo kale m'manja. Ine ndinawagwira dzanja. Ndinawauza kuti asadule, mchombo udzagwa wokha, ndi mmene akuchitira masiku ano anthu odziwa. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"A dotora, inu munaphunzira za ziweto. Munaionapo kuti mbuzi ikuyenda ndi mwana wake akukoka chimenechi?"

Ndinawayankha kuti munthu si mbuzi. Ndinawayankhanso mawu ena amene lero ndimachita nawo manyazi, akuti zinthu zinasintha, iwo anatsalira. Anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Mwanawe, ukungoyang'ana?" Amayi anawerama. A Naphiri anaika lumo lija pawindo, anasamba m'manja, n'kutuluka. Ali pakhomo anati, "Mwana ngwanu. Koma chinthu chimenecho malo ake ndi pansi panthaka, osati pamphasa."

Ndinatsuka nsengwa ija, ndinaithira mchere wambiri, ndinaikulunga m'kapulana watsopano n'kuiika m'kabasiya ka pulasitiki pambali pa mwana. Ndinachita zonse monga ndinaonera pa foni, ndipo ndinadziona ngati mayi wanzeru kuposa onse m'mudzimo.

Inu owerenga amene mumadziwa mwambo wathu wa chikuta, mukudziwa kuti mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo salowamo munthu wamba. Mwambo umenewu ndi woteteza mwana, koma ine ndinaugwiritsa ntchito kubisa zimene ndinkachita. Azimayi a kumpingo ankabwera ndi nkhuni ndi madzi, n'kuthera panja. Amuna anga atamva anabwera tsiku lachiwiri, anaima pakhomo, ine ndinawaonetsa nkhope ya mwana yokha, kwina konse nditafunditsa. Anaseka mosangalala, anati mphuno ndi ya kwawo. Kabasiya kanali kuseri kwa ine.

Tsiku lomwelo fungo linayamba. Nyumba yathu ndi yamalata, masana mumakhala ngati mu uvuni. Ntchentche zinayamba kulowa, zija zobiriwira. Ndinaonjezera mchere, ndinasintha kapulana. Amayi ankalowa ndi phala, n'kuyang'ana kabasiya kaja, n'kundiyang'ana ine, n'kutuluka. Kamodzi kokha anati, "Mwanangu, bwanji tingochotsa, tikakwirire?" Ndinawakalipira kuti asandisokoneze.

Tsiku lachitatu chingwe cha mchombo chinali chitauma gwa ngati kamtengo. Ndikafuna kunyamula mwana kuti ayamwe ndinkayenera kusuntha ndi kabasiya komwe, ndipo ndikalakwitsa pang'ono chinkamukoka pamimba iye n'kulira. Patsinde pa mchombo panang'ambika pang'ono, panatuluka timagazi, kenaka khungu lozungulira linafiira. Ndinakweza foni pawindo mpaka inagwira, n'kulembera gulu lija. Mmodzi anandiyankha kuti fungo ndi lachibadwa, wina anati kufiirako ndiye kuti watsala pang'ono kugwa, ndilimbe mtima, ndisamvere anthu amantha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kwathu kukutentha bwanji, kapena kuti chipatala chili kutali bwanji.

Chakumadzulo mwana anasiya kulira. Ankayamwa pang'ono n'kulisiya bere, n'kugona. Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri ndikakumbukira. Ine ndinasangalala. Ndinauza amayi kuti, mwaona, ndi kufatsa kuja ndinkanena kuja. Mwana wanga anali akufooka m'manja mwanga, ine n'kumati ndi mtendere.

M'mawa wa tsiku lachinayi thupi lake linali moto. Kamimba kanatupa, pamchombo pankatuluka mafinya, bere analikaniratu. Amayi sanandifunse chilichonse ulendo uno. Anatuluka, anakaitana amuna anga amene anali asanabwerere ku ntchito, ndipo iwo analowa m'chikuta mosasamala za mwambo. Atavundukula nsalu anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pamphuno. Anangoti, "Ichi n'chiyani?" Kenaka anathamangira panja kukaliza mota.

Tinakwera mota anthu atatu. Amuna anga kutsogolo, ine pakati ndi mwana, amayi kumbuyo atagwira kabasiya m'mbali mwanga kuti chingwe chisakoke. Msewu wafumbi, mabampu okhaokha. Bampu lililonse ndinkayembekeza kuti mwana alira, koma sanalire.

Titafika kuchipatala azimayi amene anali pamzere anatipatsa njira okha chifukwa cha fungo. Anamwino anadula chingwe chija nthawi yomweyo, ntchito yosatenga ndi mphindi imodzi yomwe, anamubaya mwana jekeseni n'kuitanitsa ambulansi yoti itipititse ku Tete. Tikudikira, anatembenukira kwa amayi anga. Anaona mayi wachikulire wopanda nsapato, anaona ine ndi fisha yanga yosungidwa bwino, ndiye anaganiza zimene aliyense akanaganiza. Anati, "Mama, zamakolo zinazi muzisiya. Taonani zimene mwamuchita mdzukulu wanu." Amayi anga anapinda manja n'kunena kuti, "Pepani." Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinakhala chete.

Ku Tete madokotala anayesetsa. Anamuika pa soro, dilipi ija, mankhwala ankalowa kudzera pa kadzanja kake. Dokotala wina anandifotokozera modekha kuti nsengwa ikangotuluka m'mimba ntchito yake yatha, imakhala nyama yakufa, ndipo imaola monga iolera nyama ina iliyonse. Anati magazi amene mwana amafunika kulandira amalowa mphindi zoyambirira zokha, n'chifukwa chake anamwino amadikira pang'ono asanadule. Kupitirira apo palibe chabwino chimene chimadutsa, koma tizilombo timapeza khomo lolowera pamchombo mpaka m'magazi. Inu owerenga, ine zimenezi ndinkazidziwa. Ndinaphunzira kuti nyama siichedwa kuonongeka kukatentha, ndipo ndinakhoza mayeso ake. Koma sindinaganize kuti ndi zomwezo zimene ndagoneka pambali pa mwana wanga.

Anamwalira masana a tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Mlandu wonse unagwera amayi ndi a Naphiri. Abale a amuna anga anabwera kudzalalata kuti nkhalamba zosaphunzira zawaphera mwana. Azimayi ena anasiya kuwapatsa moni a Naphiri kuchitsime. Palibe amene anaganizira a dotora. Awiriwo sanadziteteze, ndipo ine ndinawalola kusenza katundu wanga kwa miyezi yambiri. Tsiku lina tikutongola chimanga amayi anandiuza kuti tsiku lachiwiri lija, ine ndili m'tulo masana, anatenga lumo pawindo n'kugwada pafupi ndi mwana, koma analibwezanso pawindo osadula. "Ndinkati mwina ukudziwadi, ine n'kukuonongera," anatero. Mpaka lero amadziimba mlandu.

Mwezi watha ndinapita kwa a Naphiri kukapepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ine zonyozedwa ndinazolowera. Koma ukauze mwamuna wako, asamadane ndi mayi ako pachabe." Ndinawauza amuna anga zonse, ndi bodza la masiku lomwe. Sanandimenye, sanandilalatire. Anakankha mota yawo mpaka kumsewu asanailize, ndipo chipitireni ku Cassacatiza sanabwerenso. Kaya banja lilipo kaya latha, sindikudziwa.

Tsono ndikupempheni, inu amene muli oyembekezera, makamaka inu anzanga amene munapitako kusukulu ndipo foni simuisiya. Chimene mwawerenga chikakukomerani, kachifunseni kuchipatala musanachichite. Mukaona kuti mukuopa kufunsa chifukwa akukanizani, dziwani kuti pamenepo pali vuto kale. Anthu a pa foni sakudziwa nyumba yanu, ndipo zikavuta sadzakwera nanu mota. Kachilireni kuchipatala, mchombo udulidwe ndi chida choyera, ndipo pabalapo musapakepo china chilichonse kupatula chimene anamwino akuuzani. Khanda likasiya kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likafiira pamchombo, kapena likangogona osalira, nyamukani nthawi yomweyo, chikuta chisakuletseni.

Inunso amayi athu, mwana wanu ngakhale akhale ndi mapepala otani, mukaona akuika khanda pangozi musawerame. Lankhulani, itanani anthu, akwiye ngati akwiya.

Mwana wanga anakaikidwa ndi azimayi okhaokha, monga timachitira ndi khanda losatuluka m'chikuta. Panalibe nyimbo, ndipo anatiletsa kulira mokweza. Dzina timapereka tsiku lotulutsa mwana panja, ndiye wanga anapita wopanda dzina. Ine ndinali nditamusankhira kale mumtima mwanga, ndipo mpaka lero palibe munthu amene analimvapo.