Injini inalira ngati uli momo

Chifundo mwana wanga, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyire. Ndikukumbuka tsiku unanditengera kubwalo lothamangitsira magalimoto, kumene unkaphunzitsa ongoyamba kumene. Ine ndikukuwa, iwe ukuseka: "Amayi, musaope. Giya timatsitsa tisanalowe pakona, ndipo sitiikakamiza." Potsitsapo unkaponda moto pang'ono, injini n'kulira kamodzi, vuu! Anthu anakuombera m'manja, ine n'kumawauza kuti ameneyo ndi wanga.

Dzulo mwana wako Tadala ananditengera kutchalitchi ku Mirrabooka pagalimoto yako ija. Pofika pakona, injini inalira chimodzimodzi. Ndinaopa kucheuka kuti ndione woyendetsa. Tadala akuti palibe anamuphunzitsa zimenezi. Tsopano akupempha kuti Loweruka akayesere kubwalo kuja. Ndavomera, koma pakamwa pokha. Chifundo, kodi ndiwe ukumuitana?