Ndinadwalitsa azakhali anga chifukwa cha intavyu

Lachiwiri lapitali ndinadwalitsa azakhali anga a ku Chiparamba. Musade nkhawa, ali bwinobwino, mwina panopa akukonola chimanga pakhonde. Matendawo anawagwira pakamwa panga pokha, pamaso pa abwana anga.

Ndine kalaliki pa sitolo ina ya zipangizo zomangira muno m'tauni ya Chipata, ya a Saidi, ndipo ndakhalitsapo. Bungwe lina logula mbewu kwa alimi linandiitana ku intavyu tsikulo masana. Ofesi yawo ili ku Kapata, koti wapansi umafika thukuta lisanatuluke. Koma ndikanapempha bwanji? Ana anga amadya za pa sitolo ija. Abwana akanamva kuti ndikusuzumira kwina n'kundiuza kuti ndisabwerenso, uko n'kukandikananso, ndikanagwira mtengo wanji? Mapanga awiri avumbwitsa.

Anzanga ambiri zikafika apa amapha m'bale. Ine ndine mwana wa aphunzitsi, ndinakulira ku Sande sukulu, kupha sindingathe. Ndinangodwalitsa.

Chimene ndinaiwala n'chakuti a Saidi satenga matenda mwachibwana. Anaika cholembera pansi n'kuyamba kundifunsa kuti azakhaliwo akudwala chiyani, anayamba liti, kuchipatala anapita kapena ayi. Ine ndinkangowonjezera, matenda n'kumakula. Kenaka anatuma munthu kukagula shuga ndi buledi, n'kuitana dalaivala wa lole.

"A Jere, simenti ija ya ku Kasenengwa ipite lero lomwe. Poti njira ndi imodzi, a Banda awa mukawasiye pakhomo pa odwala, asavutike na mabasi."

Ndinathokoza. Nanga ndikanatani?

Tangondionani, awerengi, ndili pa mpando wakutsogolo, jumbo pamiyendo, pamwamba buledi, pansi tayi ndi nsapato zopolisha, tauni ikutsalira m'mbuyo. A Jere ankandilimbitsa mtima njira yonse, n'kumanditchulira mankhwala amene anachiritsa apongozi awo. Mtima wanga unali pa wotchi basi. Titafika pokhotera ndinawachonderera kuti anditsitse pomwepo, n'kuwanamiza kuti kamlatho ka kumudzi sikangapirire simenti. Lole itangobisika ndinakwera njinga yamoto kubwerera kumene ndinachokera.

Ndinalowa mu intavyu fumbi lili m'nsidze, jumbo lili m'manja. Mayi wina mwa ofunsawo ankangoyang'ana bulediyo, koma sanafunse. Mafunso ena onse ndinayankha mmene ndikanathera.

Kutacha ndinapita kuntchito nditakonza kale nkhani ya mmene odwala agonera. Ndisanaigwiritse n'komwe ntchito, ndinaona mkulu wa ofunsa aja akulowa kudzagula malata. Ndinabisala msanga. Ndinakhalitsa kuseri kwa zitini za penti ngati kuti ndikuziwerenga, iwo akucheza ndi a Saidi ngati anthu odziwana kalekale. Chipata ndi yaing'ono, abale. Amene wakufunsa mafunso dzulo ndi kasitomala wa abwana ako lero.

Mlendoyo atapita, abwana anandiitanira m'kaofesi kawo. Ndinalowa ndikuganiza za lendi ndi za sukulu ya ana. Iwo anandiuza modekha kuti mlendo uja wawafunsa za ine, ndipo ayankha kuti ndine munthu wosatola ngakhale msomali, kuti bungwelo likandisiya lidzakhala lataya. Anati ntchito yanga ilipo mpaka tsiku limene ndidzatsanzike ndekha, angopempha kuti ndidzawauze nthawi ilipo kuti ndiphunzitse wina. Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo, ndikhulupirira unamveka mpaka panja.

Kenaka anandifunsa.

"Koma a Banda, zaka zonsezi tili pamodzi. Mwaona kuti kudwalitsa azakhali n'kopepuka kuposa kukamba na ine. Ndinakuchitani chiyani?"

Zoona zake, sanandichite kanthu. Manyazi anandigwira kuposa mantha aja.

Komabe ndisanamize anthu kuti mantha athuwa alibe pochokera. Mnzanga wina wa ku galaja anangonena moona mtima kuti waitanidwa kwina, tsiku lomwelo anamulanda makiyi. Mabwana ena amaona wantchito ngati mkazi wawo, akangomva kuti wayang'ana kwina ati chigololo. Iwo akapeza wogulitsa simenti wotchipa amasintha osatsanzika aliyense, koma kalaliki akafuna kusintha ndiye wosayamika. N'chifukwa chake m'maofesi mwathu maliro sakutha, malungo amagwira anthu Lachiwiri n'kuwasiya Lachitatu, ndipo agogo ena anamwalira kawiri.

Ndiye sindikuuzani kuti mawa mukaime pakati pa ofesi n'kulengeza kuti mukufuna ntchito. Kusaka mwakachetechete si tchimo. Anzanu a pa desiki musawauze, foni ya kuntchito musaimbire, ndipo mpaka tsiku lomaliza gwirani ntchito ngati munthu amene sakupita kulikonse. Mukafuna tsiku, pemphani tsiku lanu la tchuthi, munene kuti muli ndi zochita zapakhomo, muthere pomwepo. Chifukwa kuno kwathu matenda ndi maliro si za munthu mmodzi. Mukangozitchula, anthu abwino amanyamuka nanu limodzi.

Za ku bungwe lija sindinamvebe. Anditenge kaya andisiye, ndikugona tulo, ndipo m'mawa ndikumalowa pa sitolo osazemba maso a munthu.

Funso langa latsalira kwa inu olemba anthu ntchito. Wantchito wanu atabwera mawa, n'kuima pakhomo pa ofesi yanu, n'kunena zoona kuti akupempha masana amodzi akayese mwayi kwina, mudzamuuza kuti apite bwino, kapena mudzamuuza kuti asiye makiyi patebulo?