Duwa lomwe linachotsa amayi pamudzi

Ndimakumbukirabe beseni lobooka lomwe amayi anabweretseramo kamtengo kaja. Anakakumba kutchire, njira ya ku Tengani, pochokera ku nkhuni. Kanali kotuwa, kotupa tsinde ngati kamlambe kakang'ono, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Anakabzala pamchenga pafupi ndi khonde. "Musamakathirire, madzi ambiri amakawoletsa," anatiuza. "Utomoni wakewo musakhudze."

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Mapira anauma asanabereke, mbuzi zinkadya makungwa. Bambo anadwala chifuwa, ndipo nyengo yozizira isanathe tinawaika m'manda. Pabwalo panali fumbi lokhalokha, koma kamtengo kaja kanachita maluwa oyera, ofiira m'mbali, okongola mochititsa manyazi pakhomo pamaliro. Amayi ankakhala pakhonde n'kumawayang'ana.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, nawonso ankayang'ana maluwawo. Tsiku lomwe abale anasonkhana kudzakambirana za pakhomo, analoza kamtengoko ndi ndodo. "Utomoni wa chimenechi anthu amaphera nsomba. Nanga mkazi amachisungiranji pakhonde? Mwamuna ali m'dothi, icho chikusekerera." Palibe anatsutsa. Amayi kwawo kunali kutsidya, ku Mozambiki, ndipo analibe mchimwene pafupi woti awayankhulire. Lero ndikudziwa kuti munthu uja sankaopa duwa. Ankafuna dimba lathu la m'mbali mwa Shire, lomwe linkakhalabe ndi chinyezi kwina konse kutauma. Analilima mpaka imfa yake, ndipo kutchalitchi ankakhala kutsogolo.

Kamtengoko bambo aang'onowo anakazula ndi khasu la bambo n'kukataya kudzala. Kanagona kumeneko mizu ili m'mwamba, n'kumachitabe maluwa. Ndinkakaona m'mawa popita kusukulu, ntchentche zikuzungulira.

Abale atagamula kuti achoke, amayi anamanga katundu wawo yense m'chitenje chimodzi. Ife ana tinayenera kutsala, chifukwa malowolo anali ataperekedwa. Ndinadzawaonanso ndili ndi mwana wanga kumsana, iwo maso atachita khungu.

Koma tsiku lomwe ankachokalo, padoko, bwato likudikira, anandigwira pamutu ndi dzanja lokhakhala. "Uzimvera, mwanawe. Uzidya zimene akupatsa." Ine ndinawapempha kuti pobwera andigulire nsapato zapulasitiki, zofiira. Anagwedeza mutu kuvomera, akuyang'ana madzi.

Ndinabwerera kumudzi ndikudumphadumpha, n'kumauza aliyense amene ndinakumana naye kuti amayi apita ku Mozambiki kukandigulira nsapato.