Elenala ndi Utsi wa pa Kachulu

Elenala anabadwira kwa Kuntumanji, m'banja lolima mpunga. Mayi ake ankadwala mphumu. Kukazizira ankagona chokhala, atatsamira khoma, m'chifuwa mukulira ngati ana a mphaka. Anamwalira Elenala asanathe msinkhu.

Iyeyo anakula wathanzi, wosadziwa n'chimfine chomwe. Atakwatiwa ndi Wilisoni, msodzi wa pa Kachulu, mlamu wake Jenifa anamuphunzitsa kuwamba mlamba, ndipo awiriwa ankagwira ntchito pa ng'anjo imodzi. Dzanja la Elenala linali labwino. Nsomba zake zinkatuluka zofiirira, zosapserera, moti ogula a ku Zomba akangotsika minibasi ankafunsa dzina lake.

Chifuwa chinamuyamba mwana wake woyamba, Violet, atalowa sukulu. Poyamba sanachilabadire, poti pa Kachulu wowamba aliyense amatsokomola. Koma tsiku lina akutembenuza nsomba, mpweya unangomuthera. Anagwada pansi, maso ali tong'o, akukoka bulauzi pakhosi. Jenifa anakuwa, anthu n'kumunyamulira kuchipatala.

Atapezako bwino, dokotala anamufunsa ngati kwawo kunali wina wobanika chotere. Elenala anatchula mayi ake.

"Ndi mphumu," anatero dokotalayo. "Imakonda kuyenda m'magazi a pamtundu. Ena imangogona moyo wawo wonse, koma inu utsi waidzutsa."

"Nanga alamu angawa? Anayamba kuwamba ine ndisanabwere, koma ali gwa."

"Utsi ukuwapweteka nawonso, pang'onopang'ono. Kungoti chifuwa chawo si chanu. Inu mukabwerera pa ng'anjo, tsiku lina sadzafika nanu kuno muli moyo."

Anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa. Elenala analira njira yonse, osati chifukwa cha matendawo, koma ntchito yake.

Anabwerera ku mpunga. Nako sikunamulandire bwino: fumbi la popuntha linkamutseka pakhosi, ndipo chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, mphepo inkabwera ndi dothi loyera lolowa mpaka m'nyumba. Anaonda. Mankhwala akatha kuchipatala ankangokhala pakhonde, kudikira kuti chifuwa chimuleke chokha.

Violet atakula anatenga malo a mayi ake pa ng'anjo. Iye mphumu inamulumpha. Anabereka mwana wamwamuna, Dalitso, ndipo ankawamba naye ali kumsana, monga amachitira amayi onse pamenepo.

Tsiku lina Violet anabwera kudzacheza. Elenala atanyamula mdzukulu wakeyo, anamva kakulira kaja m'chifuwa mwake. Anaika khutu pamsana pa mwanayo kuti amvetsetse.

"Violet, mwanayu asapitenso ku utsi."

"Amayi, ndi chimfine chabe."

"Phokoso ili ndinakula nalo. Ndikulidziwa."

"Ndiye ndisiye ntchito? Bambo ake anapita ku Mozambiki, sakumveka. Tidya chiyani?"

"Iwe gwira ntchito. Mwana musiye kuno."

Violet anakwiya, nati mayi ake akufuna kumulanda mwana woyamwa. Anachoka osatsanzika. Patapita milungu ingapo, Dalitso anabanika mpaka milomo kuda, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Zomba. Atatuluka, Violet anabwera naye yekha, n'kumutsitsa pamphasa pafupi ndi mayi ake.

Mwanayo anasiya bere nthawi isanakwane. Analira masiku ambiri, Elenala akumuyendetsa pabwalo, iyenso akupuma movutikira. Tsopano Dalitso akuyenda. Mwezi wa Juni ukafika amabanikabe, koma sanagonekedwenso.

Violet amabwera Loweruka lililonse. Amayamba wasamba ndi kusintha zovala kuseri kwa nyumba, kenako n'kumuitana mwana wake. Nthawi zina Dalitso amathamangira kwa iye. Nthawi zina amabisala kumbuyo kwa chitenje cha agogo ake, ndipo Violet amangoima pamenepo, manja ali m'malere.